Sokosi ya Kumanzere ya Xiao Teng

Anzanga, Lao Qu ndinakumana naye akukalipira TV.

Linali Lamlungu masana, m'kanyumba kodyeramo jiaozi, timitanda ta ufa tokhala ndi nyama m'kati, kuseri kwa bwalo la basiketibolo. Iye, dalaivala wa basi, ankakangana ndi Lao Bi, mwini malowo.

"Achemwali, tatiweruzani," anatero atandiona. "Uyu akuti Xiao Teng wa timu yathu ndi waulesi. Munthu woti chibadwire sanagwirepo mpira!"

"Nanga iwe unaugwira liti?" Lao Bi anayankha. "Mpira wako ndi chimimba chakocho."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Chimwalirire amuna anga ndinali ndisanasekepo choncho.

Ine ndine Pang Guizhi, wa zaka 47. Sukulu ndinalekezera pulayimale, ndiye izi ndalemba n'kufufuta katatu. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinkachapa ndi kusoka zovala za timu ya m'tawuni yathu. Jezi iliyonse ndinkaizindikira pongoigwira.

Lao Qu anayamba kumandidikira pageti ndikamaweruka, atabisa mbatata yootcha m'jekete kuti isazizire. Ankanditcha "a kochi" chifukwa chilichonse ndimachiyang'ana kawiri, loko, mbaula, mabatani a malaya ake.

"A kochi, mipira ya chaka chino ikangotha tikalembetse ukwati," anatero tsiku lina.

Ndinavomera. Ndinagula ndi nsalu yofiira ya ukwati, n'kuibisa pansi pa matiresi.

Kenako inafika ndime yachipulula, ndipo Xiao Teng, katswiri wathu wa nambala 9, anazilala. Munthu wozolowera mapointi 30 anayamba kuthera pa 8. Pagulu la ochemerera la pafoni anthu ankangomudya.

"Wakalamba."

"Masewero akakula amanjenjemera."

Lao Qu ankawayankha mmodzimmodzi mpaka chakudya kumuzizirira m'mbale.

Lachitatu woyang'anira zovala anandipatsa masokosi a nambala 9. A kumanzere onse anali odulidwa ndi sizasi m'mbali, atathimbirira ndi mankhwala achikasu azitsamba.

"Phazi latupa pakakolo, sokosi siikulowa," anandinong'oneza. "Musoke m'mphepetemu kuti asapitirire kung'ambika. Koma pakamwa potseka, a Pang. Timu inayo ikadziwa, imuthera pamwendo womwewo."

Makina amasiya msoko wolimba, ndipo ndinkaopa kuti umukhula pamalo potupapo. Ndinafuna kusoka pamanja, modekha. Ndiye awiri ndinapita nawo kunyumba, chinthu choletsedwa. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, sindikubisa.

Lao Qu anandipeza ndikusoka patebulo.

"Nambala 9? Nanga yadulidwiranji?"

Anandiyang'ana ndi maso ake aja... ndinamuuza zonse.

"Chonde a Qu, zithere m'nyumba muno. Ntchito yanga ili pamenepa."

"Aa, a kochi, ine ndine mwana? Ndingauze ndani?"

Ndinadzuka kukaphula madzi a tiyi. Sindinathe ngakhale mphindi ziwiri.

M'mawa mwake chithunzi chinali paliponse. Sokosi ija, patebulo langa, singano yanga ili chobaya. Pansi pake Lao Qu analemba kuti: "Amene mukumunena ulesi uja akusewera ndi phazi lotupa. Lao Bi, pepesa."

Ndinamuimbira nthawi yomweyo.

"Fufutani, chonde."

"Anthu zikwi makumi awiri aiona kale," anatero, mawu ake ali osangalala. "Dzina lanu palibepo, musaope."

Loweruka masana kunali masewero omaliza, wogonja atuluke. Ndinaonera nditaima pakhomo la kochapira. Timu inayo inkangodzera kumanzere kwa Xiao Teng, ulendo uliwonse kumanzere. Atangobwerera kopuma anadumpha, potera phazi lija linapindika. Anamunyamula anthu anayi. Tinagonja, tinatuluka.

Mwina akanagwabe ngakhale popanda chithunzicho. Ndimadziuza choncho tsiku lililonse, koma mtima suvomera.

Lolemba woyang'anira uja anangondionetsa foni yake.

"Msoko uwu palibe wina amausoka muno, a Pang."

Sanakalipe. Anatambasula dzanja, ndinamupatsa makiyi.

Ndinalunjika kwa Lao Bi. Ndinapeza Lao Qu atakhala pakati pa anzake, akumuthirira mowa.

"Guizhi, bwerani mudzamve! Nkhalamba iyi yapepesa pamaso pa anthu!"

"Andichotsa ntchito."

Anaika kapu pansi.

"Pepani... koma zochapa zili paliponse, mupeza kwina. Taonani, tawuni yonse yadziwa kuti mnyamata uja si waulesi. Ndamuyeretsera dzina."

"Mnyamata uja sakuyenda, a Qu."

Anatsegula pakamwa, ndipo ndinadikira. Mawu amodzi okha, ovomera kuti walakwa, akanandikwanira. Koma Lao Bi anaponya zake ali kumphika:

"Wolakwa ndi kochi wa timu. Amulowetseranji munthu wovulala?"

"Iwe, ukanalowetsa ndani?" Lao Qu anatembenuka. "Tchula dzina, tchula!"

Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu. Potuluka sanandione.

Papita miyezi iwiri. Malo awiri ochapira andibweza, akuti anamva. Za Xiao Teng anthu ayamba mkangano wina, wakuti kaya adzabwereranso m'bwalo. Lao Qu amanditumizirabe uthenga: "A kochi, mwakwiyabe?" Pansi pake amaikaponso zomwe walemba pagulu paja, kuti ndione momwe wawagonjetsera.

Nsalu yofiira ija ikadali pansi pa matiresi.

Anzanga, sindikudziwa zambiri. Ndangophunzira kuti musanamuuze munthu chinsinsi, muyambe mwaona chimene amachikonda kuposa inu. Ine ndinkachiona tsiku lililonse pa TV paja, n'kumaseka nawo.

Masokosi aja ndinamaliza kusoka onse awiri. Msoko wake ndi wofewa, sungakhule ngakhale khanda. Ali m'dirowa, ndipo sindikudziwa woti ndimupatse.