Ababa ndi ekiselo ya bwana wawo

Ababa, dzulo kunabwera mzungu pakhomo pano ndi chithunzi cha galimoto yampikisano ija ya bwana wanu wa ku esiteti ya tiyi. Akuti akulondola mbiri ya ekiselo yake yakumbuyo, chitsulo chogwira matayala chija, ndipo anthu anamulozera kwathu kuno.

Ndinakumbuka tsiku lija m'zaka za m'ma 1950, ine ndi inu tikuperekeza amayi kuchipatala ku Boma, thupi lawo lili moto. Pa Thuchila tidapeza galimotoyo itathyoka ekiselo. Bwana atangokukodolani, mudavula chipewa n'kuthamanga. Ndidati, "Ababa, nanga amayi?" Inu mudati, "Akhale pamthunzipo, bwana sadikira." Mudasenza chitsulocho mpaka ku esiteti, ife n'kutsala m'mbali mwa msewu. Amayi ku Boma sadafike amoyo.

Mphotho yanu idali chitsulo chothyokacho. Mudakalamba mukuchipukuta ndi mafuta, n'kumaonetsa alendo ngati mendulo ya kunkhondo, manyazi osamva.

Mzungu uja anafunsa mwaulemu, "Agogo, chili kuti?" Ndinamulozera kuseri kwa nyumba. Titangokuikani m'manda, tidachiyala pa dzenje la chimbudzi. Ngati akuchifunadi, akumbe yekha.