Kalata ya a Jonas

A Januario Kachigunda anabadwa m'banja lachifumu kufupi ndi Nambuma m'chaka cha 1956. Amayi awo anali mlongo wa mfumu, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti tsiku lina mpando udzagwera mwanayu. N'chifukwa chake khasu sanalizolowere. Anzawo akamapita kudimba, iwo ankapita kusukulu ya mishoni atavala nsapato zimene amalume awo anawagulira ku Lilongwe.

Atamaliza sukulu analowa ukalaliki pa kampani ina ya fodya mumzinda, ndipo anakhalako zaka zoposa makumi atatu. Kumeneko anayamba kugula mabuku akale a m'mbali mwa msewu, othothoka zikuto, osimba za mabwana a ku Ulaya a nthawi yamakedzana, anthu olemera opanda ntchito amene ankafufuza milandu pongoikonda chabe. Amalume awo atamwalira, mbumba inawaitana kuti adzalowe ufumu. Iwo anakana, nati sangathe kugamula milandu ya anthu amene amadya nawo mbale imodzi. Mpando unapita kwa mwana wa mayi awo aang'ono, ndipo panalibe amene anadandaula.

Anabwerera kumudzi mu 2012 atapuma ntchito, ali ndi njinga, majekete awiri ndi katoni ya mabuku aja. Mmawa uliwonse amapukuta nsapato pakhonde, kumwa tiyi, kenako n'kukwera njinga. Tsiku la msika amapalasa mpaka ku Nsaru, kukakhala pabenchi la wokonza njinga, pamene amaona aliyense wotsika minibasi ndi aliyense wokoka mbuzi. Salankhula kwambiri. Munda ndi dimba amasamala ndi akazi awo, a Faness.

"Kodi mabwana a m'mabuku anuwo, ankawalimira ndani?" a Faness anawafunsa tsiku lina akuchokera kothirira mpiru.

"Anali ndi antchito."

"Eti? Ndiye inu muli ndi ine."

Kufufuza kunayamba mwangozi. Mayi wina woyandikana nawo ankadandaula kuti fodya akusowa m'chigafa mwake, ndipo ankaloza chala mnansi wake. A Januario anapita kukaona. Anapeza kuti masamba osowawo anali abwino okhaokha, a pakati pa chigafa, pomwe a kukhomo anali osakhudzidwa. Mbala imathyola chimene chili pafupi n'kuthawa. Uyu anali munthu wosankha modekha, dzuwa likuswa mtengo. Anakacheza ndi mwamuna wa mayiyo kuseri kwa khola, ndipo mwamunayo anavomera kuti ankagulitsa kwa mavenda mkazi wake akapita kuchigayo. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kubwera: wa mbuzi yosokera, wa malire a munda, wa njinga imene inapezeka ku Kabudula itapakidwa penti ina. Iwo amangopeza chimene chinachitika. Kugamula amasiyira amfumu, ndipo akapatsidwa nkhuku amalandira, akapanda kupatsidwa sakumbutsa.

Nkhani imene inawatengera nthawi yaitali inabwera mu Juni wa 2019, anthu atakolola. Anabwera nayo a Tisiyenji, mayi wamasiye wa m'mudzi wapafupi, amene ankaimba nawo kwaya ndi a Faness. Anakhala pamphasa, namasula kansalu, n'kutulutsa envulopu yofiirira ndi ukalamba.

"Iyi ndi kalata ya abambo anga, a Jonas," anatero a Tisiyenji. "Anachoka mu 1961 ine ndili kumsana. Amati anapita ku Halale n'kutchona komweko. Amayi anga, a Ezeliya, anawadikira mpaka imfa. Ndayipeza m'sutikesi mwawo. Ine sindikufuna kanthu, abambo. Ndingodziwa kumene anagona."

A Januario anavala magalasi. Kalatayo inali ya mizere inayi, yolembedwa ndi pensulo: ndili bwino, ntchito ndapeza, musandifunefune, mwana mumusamale. Panalibe keyala.

"Anakuuzani ndani kuti anali ku Halale?"

"Amayi sankadziwa kuwerenga. Anawawerengera ndi aphunzitsi a katekisimu. Iwowo ndi amene anaona sitampa nati, iyi ndi ya ku Rhodesia."

A Januario anatembenuza envulopu ija n'kuyiyang'ana padzuwa. Pasitampa panalidi mawu akuti Rhodesia, koma pambali pake panalinso Nyasaland. Zaka zimenezo mayiko atatu, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, anali pa chitaganya ndipo sitampa inali imodzi. Chofunika chinali chidindo cha positi ofesi, chimene chinali chitafufutika theka. Anachiyang'ana ndi galasi lokuza zinthu limene ankawerengera zilembo zing'onozing'ono. Zimene zinatsala zinali FORT ndi NNING.

"Kalatayi sinachokere ku Halale, mayi. Inaponyedwa ku Fort Manning."

"Ndiye kuti kumeneko?"

"Ku Mchinji. Ndilo dzina lake lakale."

A Tisiyenji anaiyang'ananso envulopu ija. Kenako anati, "Ku Mchinji konkuno? Kumene mwana wanga amakapikula mtedza?"

Sabata yotsatira a Januario anasiya njinga ku Namitete n'kukwera minibasi ya ku Mchinji. Ulendo woyamba sanapeze kanthu. Anthu otchedwa Jonas anali ambiri, ndipo minda ya azungu imene inkalemba anthu ntchito kale inali itagawidwa. Ulendo wachiwiri anasintha funso. Anasiya kufunsa za Jonas, nayamba kufunsa ngati kunali munthu wa ku Nambuma amene sankapita kwawo. Pa parishi ina, mkulu wosunga mabuku a ubatizo anawatumiza kwa gogo wina amene anali khukhi pa esiteti ya fodya.

Gogoyo anali wosaona, koma mutu unali bwino. "A Jonasi a ku Nambuma? Ndinkawadziwa. Ankagwira kosankha fodya. Kuchigafa cha moto sankafika ngakhale kapitawo awakalipire."

Pang'ono ndi pang'ono nkhani inatuluka. A Jonas anali mkamwini m'mudzi mwa a Ezeliya. Chaka chimenecho apongozi awo anawasiyira moto wofukiza fodya wa chikopa, iwo anatayirira, chigafa n'kupsa ndi fodya wa chaka chonse. Mawu amene anauzidwa pabwalo sanathe kuwapirira. Ananyamuka wapansi n'cholinga chofika ku Halale, koma mapazi anatupa asanadutse malire, ndipo anaima pa esiteti ija. Ankati adzabwerera akapeza chobwezera. Chaka chinatha, china chinatha, manyazi n'kumakula. Mu 1966 anakwatira mkazi wina, anabereka ana atatu, ndipo anamwalira mu 1988. Manda awo anali pamtunda umene munthu wa njinga angayende tsiku limodzi kuchokera pakhomo pa a Ezeliya.

A Januario anakaona manda, ndipo anakumana ndi mwana wamkulu wa banja lachiwirilo, a Damiano, mlimi wa soya. A Damiano sankadziwa kuti ali ndi mlongo. Anavula chipewa n'kuchigwira m'manja nthawi yonse imene ankamvetsera.

A Januario atafika kunyumba, a Faness anamva zonse nati, "Mukawauze kuti anamwalira basi. Za mkazi wina zija muzisiye. A Tisiyenji ndi munthu wa BP."

"Sanandifunse kuti ndiwasankhire," anayankha a Januario.

Anapita mmawa mwake atavala jekete. Anapeza a Tisiyenji akutong'ola chimanga, ndipo anawafotokozera monga mmene zinayendera, kuyambira pa chigafa mpaka pa manda, osawonjezera kapena kuchotsa. A Tisiyenji sanasiye kutong'ola. Za chigafa anati anazimvapo ali mwana, koma palibe amene anawauza kuti wochipsetsayo anali abambo awo.

"Ndiye kuti amayi akamapita kuchipatala ku Namitete, minibasi zimene ankaziona zikudutsa zinkapita kwa amuna awo?"

"Zina mwa izo, inde."

"Kodi anawatchulapo amayi kapena ine?"

"Gogo uja akuti abambo anu ankatchula za mwana wamkazi akamwa mowa. Ana awo sanawauze."

A Tisiyenji anapeta chimanga, nathira m'thumba. Sanalire. Anafunsa ngati a Damianowo ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ngati iwo, ndipo atamva kuti ali nawo, anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mbale ya mbatata yophika, ndipo anadya awiriwo akukamba za mtengo wa feteleza.

Kumanda a Tisiyenji sanapite, ndipo mpaka lero sanapiteko. Koma mu Okutobala chaka chomwecho a Damiano anabwera panjinga yamoto ndi thumba la mtedza. Awiriwo anakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, akuitanana kuti achemwali ndi achimwene mochita kuyesa, ngati anthu ovala nsapato zatsopano. Mvula itayandikira, a Damiano anatumiza mbewu ya soya, ndipo a Tisiyenji anaidzala kumunsi kwa munda wawo, kumene chimanga sichinkachita bwino.

A Januario sanapezekepo pa kukumanako. Tsikulo anali ku Mpingu, kumene mabanja awiri ankalimbirana ng'ombe ya mawanga imene aliyense ankati anailera kuyambira ili thole. Anaiyang'ana mano ndi makutu, kenako anapempha kuti aimasule chingwe dzuwa likapendeka, anthu onse aime patali, aone khola limene ikalowe yokha.