Ndinalola mwana wanga afufute mayi ake

Tsiku limenelo kunali chiperoni. Phiri silinkaoneka, mvula yowaza inkagogoda pamalata, ndipo chapatali thirakitala yonyamula tiyi inkalira pokwera mtunda. Ndi tsiku limene ndinalakwira mwana wanga, ndipo ndalemba kuti inu owerenga musadzachite zimene ndinachita ine.

Mkazi wanga anamwalira atadwala miyezi iwiri. Tinkakhala kwawo, kufupi ndi Likhubula, ine ndili mkamwini. Anandisiyira mwana mmodzi, Esinati, wa zaka khumi ndi zisanu. Chithunzi cha mayi ake tinalibe, chifukwa ankathawa kujambulidwa. Chinalipo ndi cha pachiphaso chokha, chimene sichinkafanana nawo n'komwe.

Maliro atapita, ndinamugulira Esinati foni yogwirapo kale kuti izimuthandiza kusukulu. M'fonimo anaikamo gemu ya zidole zomenyana, zamaso akuluakulu ngati makatuni a ku Japan. Wosewera amadzipangira yekha munthu wake, amasankha nkhope, zovala ndi dzina, kenaka amayenda naye m'midzi ya m'gemumo akulimbana ndi adani, mphamvu zake zikukula. Esinati anapanga mayi ake. Anawaveka bulawuzi yoyera ndi duku loyera monga ankavalira popita kumsonkhano wa amayi kumpingo, anaika kachipsera patsaya, n'kuwatcha dzina lawo. Zinamutengera masabata angapo.

Tsiku lina anandionetsa. Mkazi amene sanamenyepo ngakhale galu anali kuponya moto ndi manja. Koma ine sindifulumira kuweruza, choncho ndinangomufunsa chifukwa chake. Anandiyankha osandiyang'ana.

"Kuno akagwa amadzukanso, ababa."

Ndivomere pano kuti Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkakhala pambali pake pakhonde iye akusewera, ngati ndikupuma chabe, koma maso ali paduku lija.

Chaka chitatha linafika tsiku londisudzula, pamene abale a mkazi amamasula mkamwini kuti abwerere kwawo. Mwana ndi wa kuchikazi, komabe ndinali nditapempha kuti Esinati ndipite naye kwathu ku Thuchila mpaka atamaliza sukulu, ndipo akuluakulu anali asanakane. Tili mkati mokambirana, alamu anga, mchimwene wa malemu amenenso ndi mwini mbumba, anaitanitsa foni ija. Anali atamva za gemuyo kwa ana awo. Anaipereka kuti aliyense aone, nanena kuti mwanayo akudzutsa wakufa ndi kumumenyanitsa ndi ziwanda, ndiye mzimu wa mlongo wawo ugona bwanji? Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Alamu, inu zimenezi mumazidziwa?"

Inu owerenga, ndinkazidziwa bwino lomwe. Koma mkamwini patsiku lomusudzula satsutsana ndi eni mudzi. Ndinaopanso kuti nkhaniyo ikafika kumpingo, anthu adzati chiyani za ine. Ndipo ndinaganiza kuti ndikagonja apa, adzandipatsa mwana. Ndinaweramitsa mutu. Iwo analamula kuti Esinati afufute chidolecho ndi dzanja lake, onse akuona. Mwanayo anandiyang'ana, kudikira kuti ndimunenere. Ine ndinati, "Mvera amalume ako."

Foni inamufunsa kawiri ngati akutsimikiza, ndipo kawiri konse anadina. Sanalire. Pamapeto pa mwambo, atamufunsa ngati akufuna kupita ndi bambo ake, anati akhala ndi mayi ake aang'ono. Ndinanyamula chikwama ndi khasu langa, ndinakwera minibasi ndekha.

Papita zaka zitatu. Mwezi uliwonse ndimapita kukamuona. Amagwada, amandipatsa moni waulemu ngati mlendo, amandipatsa madzi, basi. Ndinapepesa, anati palibe kanthu. Ndinamupempha kuti awapangenso mayi ake, ndipo ndidzaima naye pamaso pa aliyense. Anati anayesa kale, koma nkhope siikubwera, akumangotuluka munthu wina. Ndapemphera, ndasala kudya, ndatumako amayi a kumpingo kuti akalankhule naye, koma palibe chasintha. Sindidziwa china chimene ndingachite.

Makolo anzanga, makamaka inu amene mwatsala nokha ndi ana, mwana salira maliro monga timalirira ife. Mukamuona wagwiritsitsa chinthu chimene simukuchimvetsa, mufunseni, ndipo akakuuzani, mukanene zomwezo pamaso pa anthu. Ine ndinamumvetsa tili awiri, koma pagulu ndinamukana. Ulemu kwa akuchikazi ndi wabwino, koma panali mawu aulemu amene ndikanatha kunena tsiku lija, ndipo sindinawanene.

Ngati Esinati adzandikhululukire, sindidziwa, ndipo sindingamukakamize. Alamu anga ndi akuluakulu aja si anthu oipa. Nawonso anali ataferedwa, ndipo anachita mantha ndi chinthu chimene anali asanachionepo. Ine ndinawakhululukira.