Mwana wa Pachikwangwani

Alamu anga amasindikiza zikwangwani m'kashopu konunkha inki, kuseri kwa malo okwerera basi. Ntchito amaidziwa, koma makutu alibe. Kasitomala akafuna chithunzi, iwo amangosaka pa intaneti n'kutenga chomwe chawadolola. Dzina la wojambula likakhala pakona, amalidula. Ine ndimalandira makasitomala pashopupo, ndipo nkhaniyi ndinailankhula mpaka malovu kuuma.

"Alamu, zithunzizi zili ndi eni ake. Bwanji osapempha?"

"Za pa intaneti n'zotola, mlamu. Ukapempha kwa ndani?"

Sabata yatha anakonzera sukulu ina ya mkaka chikwangwani chachikulu: kamtsikana ka diresi yachikasu, kakuseka mpaka maso kutsinzina. Anachipachika pamsewu waukulu.

Lolemba m'mawa m'shopumo munalowa bambo wina, kamera ili pakhosi. Moni sanapereke. Anaika foni patebulo.

"Chithunzi ichi ndinajambula ndine. Anakulolezani ndani?"

Alamu anayamba zawo zija, zoti sanabe, anangochipeza.

"Ndi mwana wanga," bamboyo anawadula pakamwa. "Tinamuika m'manda chaka chatha. Mayi ake chiyambire sanatulukepo m'nyumba, lero ndiye akuyambiranso ntchito. Njira yawo ndi yomweyo. Akachiona, ndiwatayanso."

Alamu, olongolola aja, anadzambatuka. Anatenga makwerero ndi mpeni wochotsera chikwangwanicho, tonse atatu liwiro. Njira yonse ndinkapemphera kuti basi ya mayiyo ichedwe.

Tinachedwa ndife. Pansi pa chikwangwanicho panali pataima mayi woonda, chikwama chili pansi, anthu akungomulambalala. Bamboyo anamugwira mkazi wakeyo paphewa koma mayiyo sanatembenuke. Alamu anatsamiritsa makwerero pakhoma mwakachetechete, thukuta lili kamukamu.

"Munakonza ndinu?" mayiyo anafunsa, maso ali m'mwamba.

"Ndine, mayi. Pepani kwambiri. Ndichotsa pompano."

Mayiyo analoza pakona yam'mwamba, pomwe alamu anadula dzina la wojambula. Kamkono ka mwanayo kanali kotukula, koma kanangothera m'malere.

"Apo panali dzanja langa. Ndinali nditamugwira. Mwamusiyiranji yekha pamsewu?"

Alamu anakwera makwerero, koma atafika pamwamba mpeni unawapulumuka, n'kugwera pamapazi pa mayiyo.