Envulopu ya Wilberto Inafika Lachisanu

Mu mzinda wonse wa Ponce, pachilumba chawocho, munalibe munthu wokayikira anzake ngati Doña Eulogia Quiñones, mayi wokazinga nsomba pamsika. Munthu akawapatsa moni mokoma, iwo ankayamba agwira kachikwama kawo. Ngakhale positi sankaikhulupirira, ati kumeneko amatsegula makalata ndi nthunzi ya ketulo.

Mwana wawo Wilberto anagamulidwa zaka makumi awiri ndi zisanu pa mlandu wakupha umene ankaukana. Makhoti onse a pachilumbapo atamukanira apilo, panatsala khomo limodzi: kudandaula ku khoti la federo, la boma lalikulu, ku San Juan kuti akusungidwa m'ndende mosatsata malamulo. Lamulo limapereka chaka chimodzi chokha chodandaulira, ndipo tsiku lomaliza linagwa Lachinayi, tsiku loona akaidi.

"Ndamaliza kulemba, amayi," anatero Wilberto, envulopu ili m'manja. "Ndipereka kwa alonda lero. Mkaidi akangopereka kwa iwowa, khoti limatenga kuti yafika tsiku lomwelo."

"Wakuuza ndani?"

"Don Fermín wa m'chipinda mwathu. Malamulo amawadziwa."

"Akanawadziwa bwenzi ali muno? Iwe mutu wako sukuyenda. Anthu amene amakutsekera, omwewo akutumizire kalata yokutsegulira? Akulungira buledi imeneyo. Bweretsa kuno!"

Wilberto anali asanatsutsanepo ndi mayi ake chibadwire. Anaipereka.

Dzuwa linali litapendeka kale, choncho Doña Eulogia ananyamuka Lachisanu m'mawa kupita ku San Juan. Kalaliki wa kukhoti atadinda, anamuyang'anitsitsa mpaka envulopuyo italowa m'kabati. Anabwerera kwawo akudzitama kuti palibe wawapusitsa.

Woweruza wamng'ono analamula boma kuti liyankhe. Boma silinakambeko za mboni imene Wilberto ankati inanama, linangoloza tsiku la pachidindo. Patatha miyezi isanu ndi iwiri woweruza wamkulu anagamula: dandaulo lobwera ndi wachibale limawerengedwa tsiku limene lafika kukhoti. Linachedwa ndi tsiku limodzi, moti nkhani yake sinamvedwe n'komwe.

Doña Eulogia anafika kundende atalusa.

"Ndinadziwa ine! Woweruza uja amudyetsa chibanzi. Kapena kalaliki uja, maso ake sindinawakonde. Kapenanso Fermín wakoyo..."

"Dandaulo la Don Fermín linapita ndi alonda," anatero Wilberto motsitsa mawu. "Mlandu wake aumva mwezi wamawa."

Mayiwo anatsegula pakamwa, kufunafuna wina woti amuloze chala.

"Palibe amene watichita chiwembu, amayi. Envulopu ija munanyamula ndinu."