Pamalo pa Lenia

Mayi Kezia Kamtedza akhala akuphunzitsa Sitandade 1 pasukulu yathu, kumtunda kwa Malomo, kuyambira ine ndisanamere ndevu. Ndi mayi wamfupi, koma mawu awo amamveka ngati akuitana munthu wa tsidya lina. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 4 m'chipinda choyandikana, ndiye nyimbo yawo ya a, e, i, o, u ndimaidziwa kuposa eni ake.

M'kalasi mwawo mulibe poponda phazi. Ana amakhala pansi, mawondo kugundana. Koma mayiwa ali ndi lamulo limene linkandinyansa: mwana akajomba, pamalo pake sipakhala wina. Anzake amasiyapo mpata.

"Amadamu, ana apanikizana chonchi, inu mukusungira malo mphepo?" ndinawafunsa tsiku lina.

"A Gideoni," anatero akusansa choko m'manja, "mwana wamng'ono sayamba ndi zilembo ayi. Amayamba wadziwa kuti akasowa, anzake amufunafuna. Zilembozo zimabwera pambuyo."

Ndinangoti mmm, n'kumapita.

Chaka chatha, nyengo yothyola fodya itafika, mtsikana wina dzina lake Lenia anasiya kubwera. Anali wamanyazi, ndipo anali atangoyamba kumene kulemba dzina lake pamchenga. Makolo ake anamusandutsa mlezi wa khanda kuti iwo azisoka fodya m'chigafa. Tonse pano timadziwa kuti mwana akasowa nyengo imeneyi, kawirikawiri sabweranso.

Masabata anadutsa. Pamalo pa Lenia panangoti pululu, pakati penipeni pa kalasi. Wina akati asunthirepo, anzake ankamukoka malaya. Mayi Kamtedza sanapite kumudzi kukakalipa. Ankangofunsa m'mawa uliwonse kuti, "Ndani wamuona Lenia?" ndipo ana ankalimbirana kuyankha.

Tsiku lina amayi ake a Lenia, a Priscilla, anabwera kudzanena kuti mwanayo adzayambirenso chaka chamawa. Manja awo anali bii ndi utomoni wa fodya. Anagwada pakhomo la kalasi, ine nditaima pakhonde kutchera khutu, poti nkhani ndimazikonda. Asanayambe kulankhula, maso awo anagwera pampata paja.

"Nanga apo bwanji, pali linthumbu?"

Kalasi yonse inayankha pamodzi: "Ndi pa Leniaaa!"

A Priscilla anayang'ana ana opanikizanawo, n'kuyang'ananso mpatawo. Kenako anati, "Ayi amadamu, ndimangodutsa, ndiye ndati ndikupatseni moni."

M'mawa mwake Lenia anatulukira, nkhope ili phuliphuli ndi mafuta. Khanda lija amayi ake anali atalibereka okha popita kuchigafa. Anzake anaomba m'manja mpaka ana anga anasiya masamu n'kuthamangira pawindo. Ine misozi inalengeza m'maso ndi chimwemwe, ndinangonamizira fumbi la choko.

Mayi Kamtedza sanamufunse kumene anali. Anangoti, "Lenia, khala pamalo pako," n'kuyambitsa nyimbo ija.