Maina Amene Ndinapereka ku Dzaleka

Chisankho cha zipani zambiri chitangodutsa, agogo amene anandilera ankandituma kukagulitsa tomato ku Dzaleka. Kumeneko ndinazolowerana ndi bambo ena, atelala othawa nkhondo ku Rwanda. Tsiku lina anayala nkhomo pa bawo kuti andifotokozere nkhondo ya kwawo.

"Awa ndi asilikali a boma," anatero. "Anali ambiri, mfuti ndi wailesi zili zawo, koma ankaopa kutaya mpando. Awa ndi owaukira, ochepa koma omvera akuluakulu awo, ofuna kubwerera kwawo." Kenako anatola nkhomo zimene zinagwera m'fumbi. "Izi ndiye ife."

Ndinalakalaka atandiona ngati mnzawo, choncho ndinati, "Makolo anganso anafera ku nkhondo, ya ku Mozambique."

Chonsecho anamwalira ndi chifuwa, ali pabedi kuchipatala.

Bambowo sanafunse kuti anaphedwa ndi mbali iti. Anaimirira, navula chipewa, n'kundifunsa maina a makolo angawo. Anawatchula pang'onopang'ono pamodzi ndi a akazi awo ndi ana awo amene anafera ku nkhondo ya kwawo.

"Mwanawe, ndiziwapempherera limodzi."

Kuyambira tsikulo ndinkadzera njira yakuseri, dengu lili pamutu. Pa zonse zimene ndinawauza, maina okha ndiwo anali oona.